Mmene Tinawerutsira Mawu a Nachisale

Ana anga, za ubwana wanga ndinakuuzani kale pakamwa mpaka munatopa nazo, choncho pano ndiyambira pa ntchito. Ndakhala mlangizi wa zaulimi moyo wanga wonse. Pa zonse zimene ndinakumana nazo pali nkhani imodzi imene ndikufuna muisunge bwino, chifukwa kumapeto kwake kuli ntchito imene idzagwere inuyo.

Nathenje, zaka zoyamba

Ananditumiza ku Nathenje nditangochoka kumene ku sukulu ya zaulimi, ndili ndi njinga yakapalasa, chipewa, ndi mutu wodzaza mabuku. Nyumba imene anandipatsa inali ndi chitseko chopanda loko, ndipo denga linkadontha ndendende kumutu kwa bedi. Bwana wanga woyamba anali a Chimphamba, munthu wamfupi wokonda fodya wamphuno, amene sankakhulupirira mlangizi wovala nsapato zowala. Sabata yoyamba ndinapita kumudzi wina kukaphunzitsa kakonzedwe ka mizere. Ndinangofika n'kuyamba kulankhula ndi amayi amene ndinawapeza m'munda. Anandimvetsera mwaulemu, anavomera zonse, koma nditabwereranso ndinapeza mizere ili monga kale. A Chimphamba atamva anaseka mpaka kutsokomola. Anandiuza kuti uthenga umalowera pakhomo, osati pazenera. Munda ndi wa mayiyo, inde, koma pali mlongo wake amene ayenera kumva, pali mwamuna wake amene adzagwire khasu, ndipo aliyense ali ndi mmene umamufikira. Safunsa anadya phula, iwo anatero, ndipo anandibweza kumudzi komweko kuti ndikayambe ndi moni.

Zosowa zinali zambiri zaka zimenezo. Matayala a njinga tinkasoka ndi luzi, mbewu za minda yachitsanzo zinkafika chimanga cha anthu chili m'maondo, ndipo chaka china mapepala ochenjeza za mbozi tinawalandira mbozizo zitadya kale n'kukhuta. Ndinaonapo mlimi akulira m'munda chifukwa cha uthenga umene unagona pa tebulo la ofesi. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti ine sindinali mdani wa makina. Chilichonse chofulumizitsa uthenga kwa mlimi ndinkachilandira ndi manja awiri.

Mitundu, nditasamutsidwa

Nditakwatira mayi anu, inu awiri oyamba mutabadwa, anandisamutsira ku Mitundu. Kumeneko anandipatsa njinga yamoto, koma mafuta ankabwera mwa apo ndi apo, moti nthawi zambiri inkangokhala pakhonde ngati mbuzi yomangirira. Dera langa linali lalikulu, midzi yambiri ndi maesiteti a fodya m'mbali mwake, ndipo alangizi tinali ochepa chifukwa opuma ndi omwalira sankalowedwa m'malo. Kuti ntchito iyende tinkadalira alimi achitsanzo, anthu a m'midzi momwemo amene tinkawaphunzitsa kuti aziphunzitsa anzawo. Oposa onse anali a Nachisale. Anali mayi wamtali, wotsogolera nyimbo ku mpingo kwawo, ndipo akalankhula pa munda wachitsanzo ngakhale wokhala kumbuyo sankafunsa mnzake kuti ati chiyani. Ankatha kudzudzula mlimi waulesi, mlimiyo n'kumaseka nawo, mawa lake n'kumupeza m'munda. Anthu ankachokera kufupi ndi Dzalanyama kudzaona manyowa awo.

Amuna awo anali a Banda, kwawo ku Nathenje, amene anabwera chikamwini ali mnyamata n'kukalambira pamudzi wa akazi awo. Abale awo ndinkawadziwa kuyambira zaka zanga zoyamba zija. Anali munthu wofatsa, wa mawu ochepa, ndipo anthu ankawaseka kuti pakhomo pawo mawu onse anatenga ndi mayi. Iwo sankakwiya, ankangoti atambala awiri salira m'khola limodzi. Mwinimbumba, woyang'anira banja lonse la a Nachisale, anali mlongo wawo a Chisale, munthu wopemphera koma wosunga mwambo wa makolo pa ukwati ndi pa maliro.

Chaka cha mafoni olankhula

Kutatsala zaka zochepa kuti ndipume, kunabwera bungwe lina, dzina lake sindilemba, ndi ntchito ya mafoni. Bwana wathu nthawi imeneyo anali a Msiska, munthu wakhama, wokonda malipoti oyera ndi misonkhano yoyamba pa nthawi yake. Bungwelo linabwera ndi mayi Tadala, mtsikana wophunzira za makompyuta, wokulira m'tauni ya Lilongwe, waulemu ndiponso wosachita manyazi kufunsa. Anatifotokozera kuti makina awo ali ndi nzeru zochita kupanga. Amawerenga za nyengo, amawerenga malipoti amene alangizife tinkatumiza pa matabuleti, kenako amapeka okha uthenga n'kuimbira mlimi aliyense pa foni yake, kumutchula dzina ndi kumuuza chochita. Mlimi akafunsa funso, makinawo ankayankha. Ine ndinakondwa kwambiri, pokumbukira maondo anga ndi mafuta osabwera aja.

Vuto linali mawu. Oyamba aja ankamveka ngati munthu wowerenga chilengezo ali ndi chimfine, ndipo alimi ankangodula foni. Mayi Tadala anati pakufunika mawu a munthu wa konkuno amene alimi amamukhulupirira. Makina akawamva mokwanira, anatero, adzaphunzira kulankhula ngati iyeyo, ngakhale zinthu zimene mwiniwake sanazinenepo. Ine ndi amene ndinatchula a Nachisale. Anawajambula mawu masiku angapo m'galimoto yotseka mawindo pansi pa mtengo wa mango, iwo akubwereza ziganizo thukuta lili kamukamu. Anawafotokozera zonse, iwo anavomera ndi mtima wonse, anasayina. Kwa a Chisale sitinapite, ndipo panalibe amene anaona chifukwa chopitira. Munda tinkadziwa kuti uli ndi eni ake ambiri, koma mawu tonse tinkayesa kuti ndi a munthu mmodzi.

Ntchito inayenda, ndisaname. Alimi anayamba kumvetsera mpaka kumapeto, ku Mitundu ndi ku Nathenje komwe, ndipo uthenga wa mvula ndi wa mbozi unkafika nthawi ikadalipo. Koma panachitika kanthu kamene tinangokatenga ngati nthabwala. Mkamwini wa a Nachisale, mwamuna wa mwana wawo Esinati, ankasunga mwambo wopewa apongozi. Akakumana m'njira ankapatukira kutchire, ndipo uthenga uliwonse pakati pawo unkadzera kwa Esinati. Tsiku lina ali pa msika wa Mitundu foni yake inalira, ndipo atayankha anamva apongozi ake akumutchula dzina lake lenileni n'kumufunsa ngati wapalira chimanga. Bamboyo anavula chipewa, ananjuta pakati pa msika foni ataigwira ndi manja awiri, akungoti ee amayi, ee amayi. Tinaseka nayo nkhaniyi mwezi wonse. A Nachisale okha sanaseke kwenikweni. Anandiuza kuti chikwatirire sanamutchulepo dzina mwana wa eni akeyo, ndipo makinawo akuwavula ulemu. Ndinalemba mu lipoti, a Msiska anati tiona, ndipo zinathera pomwepo.

Nyengo ya maliro

Chaka chotsatira, m'nyengo yotentha anthu akugalauza minda, a Nachisale anadwala masabata ochepa n'kumwalira. Maliro anali aakulu, ndipo ife a ku ofesi tinapita tonse. Titaika, anamfedwa akadali pa siwa, m'mawa wina mafoni angapo analira nthawi imodzi, monga makina aja ankachitira. Esinati anayankha yake osaganiza kanthu. Onse amene anali m'nyumbamo anamva mayi ake akumupatsa moni, kumutchula dzina, n'kumuuza kuti mvula yayandikira, amalize mizere. Anaiponya foniyo pansi, ndipo maliro anayambiranso ngati uthenga wangofika kumene. Ine ndinali panja ndi azibambo. Onse anatembenuka kundiyang'ana, ndipo ndinachita manyazi amene sindinawachitepo pa ntchito yanga yonse.

Musaganize kuti anthuwo anali osadziwa. Aliyense ankadziwa kuti ndi makina, ndipo ena anaiona ndi maso galimoto ija pansi pa mango. Palibe amene ananena za ufiti. A Chisale ananena china. Anati mwambo wometa ndi pamene abale amauza womwalira kuti ntchito yake yatha, agone, ndiponso amauza otsala kuti adzuke azipita kumunda. Nanga akamuuze bwanji mlongo wawo kuti agone, pamene m'mawa uliwonse akudzutsa anthu midzi yonse? Analamula kuti sipakhala kumeta mpaka mawuwo atasiya.

Apa ndi pamene panagona vuto la a Banda. Mwa mwambo wa pamudzipo, mkamwini woferedwa sachoka, sameta, sayamba zatsopano, mpaka akuchikazi atamumeta ndi kumusudzula, ndiye kuti kumumasula kuti azipita kwawo ali mfulu. Banja linali litagwirizana kale kuchita zonsezi mvula isanagwe, poti a Banda anali okalamba ndipo ana anali akuluakulu. Munda wa malemu unali utagwera Esinati ndi mwamuna wake. Ku Nathenje mlongo wa a Banda anali atawasungira munda, koma anatumiza mawu kuti mvula ikagwa iwo asanafike aupereka kwa mdzukulu wina, chifukwa munda sungangokhala pamene pakhomo pali njala. Choncho munthu wokalambayo akanatsala wopanda munda kuno ndi uko.

Ndinakawaona masana ena. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba atatsamira nkhokwe, ndevu zitayamba kukula, foni ili m'manja. Nditakhala pansi, anandiuza mawu amene sindinawaiwale.

"Alangizi, ine ndikudziwa kuti si iyeyo. Zaka zonsezi sananditchulepo dzina langa loti Lufeyo, ankati bambo a Esinati. Koma ikalira ndimayankha, ndipo ndimamvetsera mpaka kumapeto. Ndiye mundiuze, kulira ndidzayamba liti?"

Iwo sanandipemphe kuti ndiizimitse, sanandipemphenso kuti ndiisiye. Anangoloza mitambo imene inkasonkhana mbali ya Dzalanyama n'kunena kuti chaka chino mvula sichedwa.

Chisankho

Ndinapita kwa a Msiska tsiku lomwelo. Anandimvetsera, anapukusa mutu, n'kundiuza kuti ndibwerere kumudziko ndikawaphunzitse anthuwo kuti makina ndi makina. Sanali munthu woipa, ndipo mfundo zawo zinali zomveka. Mvula inali pafupi, mbozi zimabwera chimanga chikangomera, alimi ambirimbiri ankadalira mafoniwo, kupeza mawu ena kukanatenga nthawi, ndipo malemu anavomera okha ali ndi nzeru zawo. Anandifunsa ngati ndikufuna alimi onse a Mitundu ndi Nathenje akhale opanda uthenga chifukwa cha lumo limodzi. Ndinawayankha kuti sindingapite kukaphunzitsa anthu zimene akuzidziwa kale, ndipo tinasiyana aliyense atatupa.

Pa tabuleti yanga ndinali ndi mphamvu yoimitsa mafoni a alimi a m'dera langa. Inali ya anthu osamuka kapena osintha nambala, osati ya zimene ndinkaganizazo. Ndinkadziwa kuti kutero ndi kukana lamulo la bwana, kutatsala miyezi yochepa kuti ndipume, ndipo ndinaonapo anthu akutaya dzina labwino la zaka zambiri pakhomo penipeni potulukira. Ndinkadziwanso kuti ndikaimitsa, mbozi sizidzaima nawo. Ndinawauza mayi anu. Iwo anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo poti ine ndi amene ndinatchula dzina la a Nachisale, ndisayembekezere wina. M'mawa mwake ndinakhala pakhonde la ofesi n'kuimitsa alimi onse a m'dera langa, kenako ndinalowa kukawauza a Msiska ndekha asanamve kwina. Anandipatsa chenjezo lolemba, ndipo anati popeza ndathamangitsa mlangizi wa m'foni, uthenga wonse ndiuyendetse ndi miyendo yanga. Ndinatulutsa njinga yakapalasa ija, tcheni chitachita dzimbiri, ndinayambanso kupalasa ndi imvi zanga.

Ndinapita kwa a Chisale ndikuyenda monyada, kukawauza kuti mawu asiya. Anandithokoza, kenako anandifunsa ngati asiyanso ku Nathenje. Ndinati ayi, kumeneko si dera langa. Iwo anandiyang'ana n'kuti, "Ndiye mukufuna timusudzule mlamu wathu kuti akapeze mkazi wake akumudikira kwawo?" Ndinabwerera mphwayi zitandigwira, chenjezo ndalandira, ntchito sinathe.

Ndinaimbira mayi Tadala n'kumufotokozera zonse popanda kukometsa. Loweruka lake anabwera yekha pa minibasi, atavala chitenje, ndipo pamudzipo anakhala pa mphasa pamodzi ndi amayi. Anapepesa maliro bwino lomwe. Kenako anafotokoza mbali yawo, kuti bungwe silinabe mawuwo, malemu anavomera, ndipo iwo ankayesa kuti kuwasunga ndi kuwalemekeza. A Chisale sanamudule. Atatha, analankhula modekha.

"Mwana wanga, sitikunena kuti munaba. Anavomera ali moyo. Koma tsiku la maliro a mpingo anabwera kudzanena kuti udindo wake wa nyimbo watha. A kalabu ya alimi ananena chimodzimodzi. Ife abale tatsala pang'ono kugawa zovala zake. Inu nokha ndi amene mukumugwiritsabe ntchito, ndipo mukumulankhulitsa zimene sakuzidziwa. Kwathu kuno munthu akafa amaweruka."

Mayi Tadala anafunsa kuti akanayenera kufunsa ndani, ndipo kufunsa chiyani. A Chisale anati akanabwera kwa iwo sakanakana, koma akanafunsa funso limodzi limene mlongo wawo sakanatha kudzifunsira yekha, lakuti akadzafa zidzatha bwanji. Anati munthu sakonza maliro ake, amakonza ndi abale, ndipo n'chifukwa chake zinthu zazikulu sizivomerezedwa ndi munthu mmodzi. Apo Esinati anapempha chinthu chimene ine sindinachiganizire. Anati mawu enieni aja amene mayi ake ananena m'galimoto amawafuna, awasunge ngati chithunzi, adzamve ana ake akadzakula. Chimene sankafuna ndi makina olankhula zatsopano m'dzina la mayi ake. Mayi Tadala analemba zonsezi, koma ananena poyera kuti sangalonjeze, chifukwa nayenso ali ndi mabwana.

Mvula itagwa

Yankho lisanabwere, mvula inagwa, yamphamvu, yobzalira. Mudzi wonse unathamangira kuminda, a Banda ali pakhonde kuonerera. Ine ndinali pa njinga m'matope kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo sindinakwanitse. Mbozi zitabwera, midzi ina ndinafika mochedwa, ndipo minda ingapo inawonongeka imene foni ikanaipulumutsa. Mlimi wina wa pa esiteti, wochokera kutali, amene sankawadziwa n'komwe a Nachisale, anandiuza maso ndi maso kuti maliro a eni ake amudyera chimanga chake. Sindinamutsutse. Mpaka lero zimandipweteka, ndipo sindikufuna mudzamve nkhaniyi ngati kuti inalibe mtengo wake.

Kenako mayi Tadala anaimba. Mabwana ake anavomera kuchotsa mawu a a Nachisale paliponse, koma pakhale mawu ena msanga, chifukwa sakanasiya alimi chete pakati pa dzinja. Tinafunsa alimi achitsanzo onse, ndipo onse anakana. Aliyense ankati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Masiku ankapita, chimanga cha anthu chikukula, a Banda akadali ndi ndevu zawo. Ndiye ndinati atenge anga. Mawu anga si okoma, inu mukudziwa, ngakhale ku tchalitchi amandiika kumbuyo, koma alimi ankawadziwa.

Ulendo uno sindinalowe m'galimoto nthawi yomweyo. Ndinayamba ndapita kwathu kwa azakhali anu a Nambewe, mlongo wanga wamkulu, pamodzi ndi mayi Tadala ndi mayi anu. Azakhali anu anamupanikiza mtsikanayo ndi mafunso mpaka tiyi anazizira. Tinagwirizana kuti mawu anga azigwira ntchito ndili moyo basi, ndipo abale akangodziwitsa ofesi kuti ndapita, asiye tsiku lomwelo paliponse. Tinagwirizananso kuti chaka ndi chaka azibwera kudzafunsa ngati ndikufunabe. Ine ndinawonjezera za mkamwini wa pa msika uja, kuti makina asamatchule anthu mayina awo enieni, aziti alimi anzanga kapena atchule mfunda. Mayi Tadala anati izi aziika kukhala lamulo la aliyense amene adzapereke mawu m'tsogolo, ndipo ndinamva kuti anachitadi, ngakhale anakangana nazo ndi anzake a ku ofesi. Atatero ndinalowa m'galimoto ija, mawindo otseka, n'kutuluka thukuta langa.

Mawu a a Nachisale atasiya, a Chisale sanathamange. Anadikira m'mawa ungapo, anatumanso munthu ku Nathenje kukafunsa alimi ngati akuwamvabe. Atatsimikiza, anaitana abale. Anameta, anagawa zovala, Esinati analandira mawu enieni a mayi ake pa kakhadi ka m'foni, ndipo akuchikazi anawasudzula a Banda mwaulemu wonse, kuwathokoza chifukwa chosunga mlongo wawo mpaka imfa. Pometedwapo ndi pamene a Banda analira, mokweza, munthu amene sitinamvepo mawu ake kupitirira pakhonde. Palibe amene anawatonthoza msanga.

M'mawa mwake ndinapeza a Msiska atandisiyira chigubu cha mafuta pafupi ndi njinga yamoto, osanena kanthu. Chenjezo lija sanalichotse, ndipo ine sindinawapemphe. Ndinawakweza a Banda kumbuyo, kathumba kawo ndi khasu titamanga pa kaliyala, ulendo wa ku Nathenje. Tinapeza mlongo wawo atapereka kale gawo lalikulu la munda, chimanga cha mdzukulu uja chili chobiriwira. Anawasiyira kachigawo ka m'mphepete, ka mchenga. A Banda anabzala mochedwa ndipo anakolola zochepa chaka chimenecho, moti anadya mothandizidwa ndi abale. Koma anali kwawo, mutu uli wometa, ndipo chaka chotsatira anawabwezera munda wonse.

Nditapuma

Ndinapuma pa ntchito bwinobwino, mphatso ya mbale ndi chitenje mayi anu analandira, ndipo a Msiska pa mwambo wotsanzikana ananena kuti ndinali mlangizi wamakani koma wofika m'midzi. Mafoni aja akugwirabe ntchito. Makinawo tsopano ndi ochenjera kuposa kale, amadziwa matenda a mbewu amene ine sindinawaphunzire, ndipo amawanena ndi pakamwa panga. Nthawi zina ndikamadutsa pa msika anthu amandithokoza chifukwa cha malangizo amene sindikuwadziwa, ine n'kungoti zikomo.

Chaka chatha ndinapita ku Nathenje kukawaona a Banda. Akalamba, maso ayamba kuvuta, koma kumunda amapitabe. Tinakhala pansi pa mtengo tikudya mtedza, ndipo tili pakati pocheza foni yawo inalira. Anayankha, ndipo ndinadzimva ndekha ndikupereka moni kwa alimi anzanga n'kuwachenjeza kuti asachedwe kubandira. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto monga mwa chizolowezi chawo, akuyang'ana ine amene ndinali chete pambali pawo mtedza uli m'kamwa. Itadula, anaiika m'thumba n'kundifunsa, "Nanga inuyo alangizi, adzakuwerutseni ndani?"

Ndinawauza kuti ndili ndi ana. Azakhali anu a Nambewe, amene anatenga udindowu poyamba, anatsogola chaka chapitacho, choncho watsala kwa inu. Mayi anu akudziwa ofesi yake ndi munthu woyenera kumuuza, koma tsiku limenelo iwo sadzakhala ndi mphamvu zogwira foni, ndipo sindikufuna kuti m'mawa wina adzandimve ndikuwauza za mizere. Musadzakangane kuti aimbe ndani, ndiponso musadzanyengedwe ndi chisoni n'kunena kuti tiwasiye abambo azilankhulabe pang'ono. Ndikadzangotseka maso, mudzayambe mwaimba ku ofesi ija, kenako muuze adzukulu akakumbe manda.